Malata Anaposa Mawu a Chimphepo

"Inu a Chimphepo, sukulu za m'mapiri mukuzipha ndi pepala lanulo."

Anatero Mayi Eveline Kalumo, mphunzitsi wamkulu wa kasukulu kena ka m'mapiri a Ntchisi, ali chiimire pakhomo la holo ya mishoni kufupi ndi Mponela. A Reinford Chimphepo, woyendera sukulu amene anakonza msonkhano wa aphunzitsiwo, anangopitiriza kundanditsa mabenchi ngati m'tchalitchi.

Nkhani inali yakuti chaka ndi chaka, mvula ikangokhazikika, ana a makalasi aakulu ankazimirira m'sukulu za ku Dowa ndi Ntchisi. Unduna unatopa nazo. Unatumiza bwana kuti adzamve chifukwa chake kwa aphunzitsi eni ake, ndipo akapanda kumva zogwira mtima, makalasi a Sitandade 6 mpaka 8 atsekedwe m'sukulu zazing'ono. Ya Mayi Kalumo inali poyambirira. Sukulu ina yapafupi inali kutsidya kwa mitsinje yodzaza, ndiye kwa ana awo kutseka kumeneko kunali kutha kwa maphunziro.

"Tigaweni m'timagulu, asanuasanu," anatero mayiwo. "Anthu alankhula."

"Timagulu? Masiku ano? Mukufuna a tcheyamani a chipani aone aphunzitsi akunong'onezana m'makona? Mayi, ine ndili ndi ana. Komanso ndafufuza kale. Makolo a kuno sadziwa ubwino wa sukulu, basi."

"Ndiye mwatiitaniranji? Mukanangotitumizira papositi."

A Chimphepo anaika lamulo lakuti wofuna kulankhula aimirire, atchule dzina lake ndi sukulu yake. Kenako anawerenga pepala lawo kuyambira m'mawa mpaka mithunzi inatembenuka. Kutsogolo kunakhala a tcheyamani, baji ili pachifuwa. A Chimphepo atafunsa ngati pali funso, holo yonse inangoti zii. Patapita nthawi mawu ena anatuluka kumbuyo: "Tagwirizana nazo."

Komatu panalibe mphunzitsi wosadziwa kumene ana ankapita. Ankapita kumaesiteti kukathyola fodya ndi makolo awo, ndipo eni maesitetiwo anali anthu amene sutchula uli chiimire, dzina lako litamveka kale. Bwana wa ku unduna anayasamula nati, "Ngati vuto ndi makolo, palibe chomwe tingachite. Mawa titseka nkhani." Mayi Kalumo anatuluka osaona ndi njira yomwe.

Kutacha, a Chimphepo anatulutsa gawo lachiwiri la pepala. Asanamalize tsamba loyamba, mvula yamatalala inakhuthuka kuchokera kumapiri a Dowa. Holoyo inalibe siling'i. Malata analira ngati ng'oma za maliro a mfumu, ndipo a Chimphepo ankangooneka kukamwa kukutseguka ndi kutsekeka ngati nsomba pamtunda. Anakweza mawu mpaka mitsempha ya m'khosi inatuluka, koma ayi ndithu. Denga linayamba kudontha, anthu n'kumakoka mabenchi kuthawira pouma, apa anayi, apo asanu ndi mmodzi, mitu itagundana kuti amvane.

Mayi Kalumo sanapemphe chilolezo kwa munthu. Anayenda kagulu ndi kagulu akufuulira m'khutu funso limodzi: "Ana anu akumapita kuti?"

Pakagulu kena a Felton Msakambewa, mphunzitsi wa ku Dowa wokonda nthabwala, anati, "Anga akabwera m'kalasi manja ali bii ndi phula la fodya. Choko ndimachita kuwalanda, chingasanduke makala."

"Anga sabwera n'komwe," anatero mayi wina. "Koma kuthyolako n'kwa m'mawa. Masana amakhala ali kunyumba, sukulu titatseka kale."

Mayi wolankhulayo anatembenuka, n'kupeza kuti amene akhala kumapeto kwa benchi, jekete litanyowa phewa limodzi, ndi a tcheyamani. A tcheyamani anayang'ana pansi, nakanda chibwano.

"Adzukulu anganso ali komweko, mayi," anatero. "Pitirizani."

Mvula itakata, Mayi Kalumo anaimirira. "Bwana, aliyense asatchule dzina lake. Anene za gulu lake." A Chimphepo anafuna kuletsa, koma mawu anali atasasa, kunangotuluka mpweya.

"Gulu lathu lati ana ali kufodya."

"Gulu lathu latinso zomwezo, ndipo lati nyengo yothyola makalasi aakulu aziyamba masana."

Mawu amene dzulo lake akadamiza munthu mmodzi m'mavuto, lero anali opepuka chifukwa onyamula anali ambiri. Palibe anatchula mwini esiteti, palibenso anafunsidwa kuti wayamba ndani. Bwana uja analemba, nafunsa mafunso, kenako anati makalasiwo satsekedwa, ayese zoyamba masanazo chaka chimenecho. Mayi Kalumo anakhala pansi pabenchi yonyowa osaimva kunyowa kwake. A Msakambewa anawauza kuti, "Amayi, mukafika kwanu mukapereke nkhuku kwa amene anakhoma denga ili."

Potsanzikana, bwana anagwira a Chimphepo chanza. "Njira yanu ya timaguluyi ndi yabwino zedi. Ndikaitchula kulikulu." A Chimphepo anagwedeza mutu, nanong'ona kuti, "Zikomo, bwana." Mayi Kalumo anamva, nangoseka. Iwo chimene anadzera anali atachipeza.

Akuluakulu anati ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri. Munthu ali yekha pagome, ngakhale ataphunzira chotani, amangodziyankha zimene akuzidziwa kale. Ana a m'mapiri aja analemba mayeso awo, ndipo tikuthokoza. Koma inu a Chimphepo, amene munalandira chanza cha eni ake, tiyankheni: mvula ija ikanapanda kugwa, ana amenewo mukanawauza chiyani?