Ola wa Lolemba, Mae wa Lachiwiri

Pepala ndi chinthu choopsa, anthu inu. Mpeni ukakucheka umaona magazi pomwepo n'kumanga bala, koma pepala limakucheka lero, magazi n'kudzatuluka patapita zaka ziwiri. Ine sindinapondepo m'kalasi, komabe ndinaona ndi maso angawa zimene linachita m'nyumba ya a Cleophus Tibbs, kuseri kwa njanji, m'tauni yathu ya ku Mississippi.

Chaka cha 1967 boma linatumiza mapepala kwa makolo onse kuti aliyense asankhe sukulu ya mwana wake: yathu yakale ya matabwa, kapena ya azungu ya njerwa kumtunda, kumene mwana wakuda anali asanakhalepo pa mpando. Pepala la a Tibbs linakhala sabata yathunthu pa tebulo la kukhitchini, atalitsendereza ndi botolo la manyuchi. Mwana wawo Ola Mae anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, mutu wakuthwa pa masamu, ndipo ankafuna chinthu chimodzi chokha: kupita ku koleji kukaphunzira unamwino.

A Tibbs ankacheka matabwa kwa mzungu wina, a Haskew. Lachisanu bwanayo anawaimitsa pafupi ndi macheka n'kunena mosakweza mawu: "Cleophus, nyuzipepala ikulemba maina a onse osankha sukulu ya kumtunda. Ine nyuzipepala ndimawerenga m'mawa uliwonse." Lamulungu abusa nawo anawagwira dzanja pakhomo la tchalitchi osalisiya. "A dikoni, anthu anamenyedwa, ena anafa, kuti chitseko chimenechi chitseguke. Mwana wanu ndiye wanzeru pa ana onse a mpingo uno. Musatichititse manyazi."

Munthu wa mantha abwino akanasankha kumodzi n'kugwada kupemphera. A Tibbs anafika kunyumba akumwetulira. Mwamuna akafika akumwetulira pa nthawi ya mavuto, bisani cholembera.

"Mayi a Ola, mwanayu ali ndi maina angati?"

"Awiri. Munamutcha ndinu nomwe," anayankha akazi awo, a Earline.

"Nanga masukulu alipo angati?"

A Earline anasiya kusenda mbatata. "Bambo inu, khalani pansi mumwe madzi. Dzuwa lakuwombani."

Koma dzuwa silinawawombe. Ola Mae anabadwira m'nyumba, m'manja mwa mzamba, ngati ana athu ambiri nthawi imeneyo. Boma linalibe kalata ya kubadwa kwake, dzina lake linali m'Baibulo la banja basi. A Tibbs anakapempha pepala lachiwiri kwa mnansi amene ana ake anali atapita ku Chicago. Pa loyamba analemba Ola Tibbs, sukulu yakale. Pa lachiwiri analemba Mae Pettway, dzina la kwawo kwa akazi awo, sukulu ya kumtunda.

"A Haskew awerenge nyuzipepala mpaka ing'ambike, Tibbs sam'pezamo," anatero. "Abusa amuona mwana akukwera basi ya kumtunda. Uko kuli mabuku atsopano ndi makina oonera tizilombo, kuno kuli Mayi Crume amene amaphunzitsa mpaka chitsa chimve. Adye konsekonse."

"Ndipo akadzatsamwa mudzam'menya pamsana ndinu," anatero a Earline.

Mabasi awiri achikasu ankadutsa msewu umodzimodzi. Lolemba ndi Lachitatu mwana ankakwera yakutha ya sukulu yakale ali Ola. Lachiwiri ndi Lachinayi ankakwera yatsopano ali Mae. Lachisanu ankasinthanasinthana, ndipo bambo ake ankachonga pa kalendala kuti wina asadyere mnzake.

Mufunsa kuti sanagwidwe bwanji. Akuda tonse tinkadziwa, koma tinasoka pakamwa, pakuti lilime linawotchetsa nyumba zambiri m'zaka zimenezo. Kumtunda nako palibe amene ankayang'ana nkhope ya mwana wakuda. Mpando wake unali kumbuyo, yoyandikana nawo yopanda anthu ngati ali ndi mphere. Pa nkhomaliro ankadya yekha, anyamata akum'ponyera nyenyeswa za buledi. Akajomba, kalasi inkapuma bwino. Ku sukulu yakale a Tibbs anakanena kuti mwana ali ndi mphumu. Mayi Crume anawayang'ana pamwamba pa magalasi. "Mphumu yodziwa masiku a sabata, a dikoni? Ikadzafuna malo m'kalasi mwanga mudzandiuze."

Choopsa n'chakuti chinyengocho chinayenda bwino. Opani kwambiri bodza likamayenda bwino. Mae ankawerenga mabuku atsopano popanda womulongosolera, mawa lake Ola n'kukafunsa Mayi Crume pamene sanamve. Pakutha zaka ziwiri panalibe womuposa pa masamu, kumtunda kapena kumunsi.

Ndiye kunamveka kuti kukubwera alendo a boma lalikulu kudzaona ngati ana akusakanizikadi. Mkulu wa masukulu anakonza mpikisano wa masamu, ana atatu kuchokera ku sukulu iliyonse, wopambana apite ku koleji boma litam'lipirira zonse. Makalata awiri anafika m'nyumba ya a Tibbs tsiku limodzi. Mayi Crume anasankha Ola. Akumtunda, pofuna nkhope yakuda yoonetsa alendo, anasankha Mae.

"Mmodzi adwale," anatero a Earline. "Mphumu ija muli nayo kale, igwiritseni ntchito."

"Adwalirenji? Wina akhala woyamba, wina wachiwiri, zonse zibwera m'nyumba muno."

"Ababa, ine ndili ndi thupi limodzi," anatero mwana. "Ndiloleni ndipite ngati Ola basi. Koleji yake ndi imodzi yomweyo."

"Iwe sudziwa za dziko. Mayeso amalemba aliyense ku sukulu kwake. Ukalemba kumunsi mwachangu, ine galimoto ili chilirire panja, ndikuthamangitsira kumtunda. Ola akaphonya funso, Mae akalikhoza."

A Tibbs sanafunse munthu za kumene mpikisanowo udzachitikire. Tsikulo mabasi onse awiri anakatsitsa ana pa holo imodzi ya m'tauni. Mafunso anali apakamwa, pamaso pa anthu. Kutsogolo kunali mipando isanu ndi umodzi, ana asanu. Alendo a boma anakhala mzere woyamba, a Haskew pambuyo pawo, abusa chakumanzere, a Tibbs kumbuyo atavala suti ya kumaliro.

Mkulu wa masukulu anaitana Ola Tibbs. Mwana anakwera n'kukhala. Anaitana Mae Pettway. Zii. Anaitananso. Mphunzitsi wa kumtunda, mayi wamtali amene kwa zaka ziwiri anali asanam'yang'anepo bwino, anasinzinira maso n'kuloza chala.

"Si uyo, wakhala mpando wolakwika. Bwera kuno iwe."

"Pepani, ameneyo ngwathu," anatero Mayi Crume.

"Ngwathu. Ndimam'dziwa ndi diresi."

Mkulu uja anatembenukira kwa mwana. "Iwe mtsikana, ndiwe ndani?"

"Lero ndi lachingati, bwana?"

"Lachinayi."

"Ndiye ndine Mae."

Ananyamuka mwaulemu n'kukakhala mpando wa kumtunda, wa Ola n'kutsala wopanda munthu. Mlendo mmodzi anatulutsa kabuku n'kuyamba kulemba. A Tibbs anaimirira kumbuyo kuja n'kunena kuti popeza onse awiri afika, mafunso angoyamba.

Mafunso anayambadi, koma mwana atatsitsidwa. Anamvera ali pa khonde, akuyankha chamumtima funso lililonse lisanathe, pamene mphotho inkapita kwa mwana wa mwini sitolo amene ankawerengera zala pansi pa tebulo.

Sabata yotsatira akulu a masukulu anatsegula mabuku a maina. Ola Tibbs anali atajomba theka la masiku, Mae Pettway theka lina. Lamulo linkati wojomba chotero salandira satifiketi. A Tibbs anapempha kuti aphatikize matheka awiriwo, akulu n'kuyankha kuti sangaphatikize anthu awiri, makamaka pamene mmodzi kulibe, ndipo iwo sakudziwa kuti amene kulibeyo ndi uti. Anati mwana abwereze zaka ziwiri.

"Ndibwereze ndili ndani?" anafunsa. Ku sukulu sanabwererenso.

A Haskew anawachotsa ntchito a Tibbs Lolemba. Abusa anawachotsa pa mpando wa madikoni. Ana ena atatu akuda, a m'makalasi ena, amene anapirira nyenyeswa za kumtunda tsiku ndi tsiku anamaliza, mmodzi lero amagawa mankhwala ku chipatala ku Memphis, ngakhale wina mpaka pano sadutsa msewu wa sukuluyo. A kwa Mayi Crume analandira masatifiketi awo, sukulu yakale isanatsekedwe ndi khoti. Wanzeru kuposa onsewo analowa ntchito ku fakitale ya nkhuku, ndipo anakhalako zaka makumi atatu, manja ali m'madzi ozizira.

A Tibbs atakalamba ankakhala pa khonde n'kumauza aliyense wodutsa kuti mwana wawo anali woyamba m'masukulu awiri.

"Eya," ankayankha a Earline ali m'nyumba, "ndipo onse awiri akusosola nkhuku."

Mitambo ikada, thawirani kumodzi n'kukhala komweko, ngakhale kukhale kodontha. Mapanga awiri avumbwitsa.