Mimba ya Danda

Pakhomo pa a Lurwanu, kuseri kwa msika wa zikopa ku Katsina, kumpoto kwa Nigeria, woyamba kudya m'mawa sanali munthu ayi. Anali Danda, kavalo wawo wamawangamawanga. Mkuluyu asanalawe n'komwe phala, ankayamba wamusesera pogona, kumupesa, kumutokosola timiyala m'ziboda, n'kumuthirira madeya ndi masamba ouma a khobwe. Akazi awo ankadandaula kuti anakwatiwa pamitala ndi kavalo.

M'mawa wina kunatulukira Sagiru, mwana wa mlongo wawo, pa njinga yamoto, hutala ili pii! pii! mpaka Danda anaimika makutu n'kukoka chingwe. Sagiru anali wakabaza wodziwika, wamanja opepuka, koma pakamwa popepuka kuposa manjawo. Ukwati wake ndi Balaraba unali utayandikira, ndipo mwambo ndi mwambo: mkwati amakwera kavalo, anzake pambuyo, n'kuzungulira mzinda mpaka kukapereka ulemu pakhomo pa apongozi. Vuto linali loti chibadwire Sagiru anali asanakhalepo pamsana pa kavalo.

"Zimitsa chiphokoso chakocho, iwe!" anakalipa a Lurwanu. "Tenga bulashi iyi umupese m'khosimu. Uzimuyankhula, azolowere mawu ako."

"Malume, ine ndabwera kudzakwera, osati kudzasambitsa nyama. Ine amene ndimanyamula mayi, ana awiri ndi mbuzi pa njinga imodzi, chingandikanike chinthu cha miyendo inayi?"

"Njinga yako ilibe maganizo. Uyu ali nawo."

Tisamunamizire mnyamatayu, mutu unalipo. Posakhalitsa anadziwa kukhala mowongoka, kukhota ndi mawondo, ndi kugwira zingwe mosakoka, poti chitsulo cha m'kamwa chimapweteka. Koma kugwira zinthu msangako n'kumene kunamuwononga. Amalume akati atsegule pakamwa, iye wayankha kale. Usamudzere kumbuyo: "Ndadziwa, malume." Usamupatse madzi thukuta lisanaume: "Ndadziwa kale zimenezo." Tsiku lililonse ankafika mochedwa n'kupeza chishalo chomangamanga. Tsiku lina a Lurwanu anamudikira dala.

"Lero umange wekha. Pali kanthu ka lamba wa pamimbayu koti ndikuonetse."

Nthawi yomweyo foni inalira, kasitomala akudikira kumsika.

"Aa, malume, kumanga lamba n'kophunzitsa munthu wandevu? Ine matumba a anyezi ndimamanga tsiku ndi tsiku!" Anatero akuliza njinga, fumbi koboo, ulendo.

Tsiku lokwera litafika, a Lurwanu anayenera kuperekeza akuluakulu a kuchimuna kukakhala kwa apongozi. Potuluka anasiya mawu: "Chishalocho usachigwire. Ndibwera ndidzamange ndekha." Koma moni wa akuluakulu sutha msanga: za ana, za kutopa, za mvula, mtedza wotafuna wotchedwa goro ukudutsa m'manja. Kuno dzuwa linayamba kupendeka, ng'oma zikulira pakhomo, anzake a Sagiru ali kale pa akavalo obwereka.

"Akwati," anaseka mmodzi, "kodi mukudikira amalume adzakuberekeni kumbuyo?"

Mtima wa Sagiru unawira. Anaika chishalo ndi nsalu zake zonyezimira, n'kukoka lamba mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka. Anayesa kupisa chala pakati pa lamba ndi mimba, osalowa. "Basitu! Chovuta n'chiyani apa?" Anaponda pa mtondo wovundikira n'kukhala pamwamba, mkanjo woyera mbuu, nduwira ili ndendende pamutu.

Kanthu kamene amalume ankafuna kumuonetsa kaja kanali aka. Danda, monga akavalo ambiri, akamva lamba akumuzungulira amakoka mpweya n'kufufumitsa mimba. Akayenda pang'ono amauphwetsa, lamba uja n'kukhala lende. N'chifukwa chake eni akavalo amamanga, kumuyendetsa kaye, n'kumanganso kachiwiri.

Mumzinda zinayenda bwino zedi. Amayi nthungululu, ana kuthamangira m'mbali, Sagiru akukweza dzanja uku ndi uku ngati anabadwira pachishalo. Atatulukira pabwalo la kwa apongozi, pomwe akuluakulu anali ataandalala pamikeka, anzake anachita za mwambo: kuthamangitsa akavalo molunjika pakhomo, kuimitsa mwadzidzidzi, chibakera m'mwamba. Sagiru naye anagunda Danda ndi zidendene.

Poyamba anangomva ngati dziko lapendekeka. Kenaka chishalo chonse chinatsetsereka n'kuzungulira kunsi kwa mimba, iye pamodzi nacho. Phazi lamanzere linakodwa m'chitsulo chopondera. Mutu unali pansi, mkanjo utamuphimba kumaso, manja atakangamira lamba. Sankaona kanthu. Ankangomva ziboda zikugunda pafupi ndi khutu lake, ndi Danda akuonjezera liwiro chifukwa cha mantha ndi chinthu chomulendewera kumimba. Nthungululu zija zinasanduka mfuu. Sagiru anadziwa kuti manja akangoterereka, mutu wake ukokedwa pamiyala, ndipo Balaraba avula zaukwati n'kuvala zaumasiye tsiku lomwelo. Anachita mantha amene sanawamvepo chibadwire.

Ndiye m'kati mwa phokosolo anamva mawu amene ankawamva m'mawa uliwonse osawalabadira, mawu otsika, osakalipa, amene amalume ankaitanira kavalo pomupesa.

"Danda... hoo, bambo wanga. Hoo. Ndine."

Ziboda zija zinayamba kuchepa liwiro. Zinagundanso kangapo, kenaka zii. A Lurwanu, amene anali atangonyamuka kuti akamange chishalo chija, anali chilili pakati pa bwalo, manja otambasula, ndipo Danda anaima mphuno yake itagunda pachifuwa chawo, thupi lonse lili njenjenje.

Anthu anathamanga, kumasula phazi, n'kumugoneka mkwati pansi. Kenaka m'kati mwa mkanjo munatuluka kamawu kakang'ono.

"Malume... ndikadali moyo?"

"Wafa," anayankha a Lurwanu. "Uku ndi kumwamba, ndipo ine ndine mngelo."

Eee, kuseka kumene kunabuka pamenepo! Ena ankaseka misozi ili mbwee, ena akuyamika Mulungu mokweza. A Lurwanu nawo anangokhala pansi pafumbi pomwepo n'kumugwiragwira mnyamatayo mutu, mapewa, nthiti. Panalibe chothyoka, kupatula chigongono chosupuka ndi nduwira yomwe inatsala kutali uko. Atapuma, anakweza chishalo pamsana pa Danda n'kupisa chibakera chonse pansi pa lamba.

"Waona? Amafufuma ameneyu. Umamanga kawiri."

Sagiru anatsegula pakamwa monga mwa chizolowezi, koma mawu aja oti "ndadziwa" sanatuluke.

Kuchokera m'nyumba ya akazi munatuluka azakhali a mkwatibwi, akupukuta m'maso ndi mpango. "Balaraba akuti ndikuuzeni, akwati: iye akufuna mwamuna, osati maliro. Mukwerenso, koma muziyenda ngati mwanyamula mazira."

Anakweradi, amalume atamanga, kumuyendetsa Danda, n'kumanganso iye akupenyetsetsa. Anafika pamaso pa apongozi mwapang'onopang'ono, fumbi lili m'ndevu, n'kukweza chibakera. Nthungululu zimene zinalira apo zinaposa zoyamba zija.

Zaukwati zitatha, m'mawa wina a Lurwanu akusesa pogona Danda anaona munthu akulowa pachipata akukankha njinga yozimitsa. Sagiru anaiimika patali, anatola bulashi, n'kudzera chakutsogolo kwa kavalo akumuyankhula motsitsa.

"Malume, yambirani poyamba penipeni. Ine palibe chimene ndikudziwa."

"Alhamdulillah," anatero mkuluyo, akumupatsa kachitsulo kotokosolera ziboda. "Lero ndiye wabwera wophunzira."

Anapulumuka mwana wa eni, ndipo tonse amene tinaona tinapumira m'mwamba. Koma sikuti aliyense wolendewera kumimba kwa kavalo amapeza malume ataima pakati pa bwalo. Sananame akale: ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.