Sitata Imene Inatayidwa mu Likangala

Ku Zomba kunali bambo wina, telala, amene anali ndi galimoto yakale kwambiri, ya mtundu umene masiku ano suonekanso pamsewu. Galimotoyo ndi imene inanyamula mkazi wake tsiku la ukwati wawo. Mkaziyo atamwalira, bamboyo ankaipukutabe m'mawa uliwonse. Ndiye mwana wake Esinati atapeza banja, anapempha chinthu chimodzi chokha.

"Ababa, pochoka ku tchalitchi ndidzakwere yomwe anakwera amayi."

Bamboyo analonjeza.

Koma sitata ya galimotoyo, kachipangizo kamene kamadzutsa injini, inali itatopa. Lamulungu lina, anthu akutuluka m'mapemphero, anatembenuza kiyi: khe! Anatembenuzanso: khe! Kenako zii. Anachita kukankha ndi amayi a Mvano, nsalu atamanga m'chiuno, anthu akuseka.

"Madala, imeneyi ingozipatsani nkhuku ziziikiramo!" wina anakuwa.

Bamboyo atafika kunyumba anaimasula sitatayo n'kuiyang'ana. Inali bii ndi girizi, yodzaza zigamba za mawaya zimene iye mwini ankamangamanga zaka zonsezo. Anati mumtima, "Amakanika akaona zimenezi, nawonso andiseka." Mvula inali itagwa, Likangala atadzaza. Anaima pa mlatho n'kuiponya m'madzi, mtima uli m'malo kuti akagula ina yooneka bwino.

M'masitolo a ku Limbe anangomupukusira mitu. Anamulozera ku Ndirande, kwa a Mkwapatira, ogulitsa zitsulo za magalimoto akufa. Kumeneko masitata anali mulu, ngati mbatata pamsika.

"Yakufayo ili kuti, bambo, tiyerekeze?" anafunsa a Mkwapatira.

"Ndinataya. Inali yochititsa manyazi."

"Aa! Kuno sitigulitsa ndi pakamwa. Timaika yakufa pambali pa yamoyo, tione mano, tione mabowo. Ndipo zambiri zimene inu mumati zafa, ife timangotsegula, kusintha timakala ta m'kati, basi yadzuka."

Bamboyo anayesa kufotokoza ndi manja. Yaitali chonchi, yonenepa chonchi. Munthu wodziwa kuyeza chiuno ndi maso analephera kukumbukira chitsulo chimene anakhala nacho theka la moyo wake. Anatenga imene inkaoneka ngati yomweyo, mabowo ake sanakumane ndi a injini. Anabwerera, n'kutenga ina. Imeneyo inalowa mokakamiza, koma atatembenuza kiyi munatuluka utsi, mawaya a galimoto yonse n'kupserera. Tsopano ngakhale kukankha sikukanathandiza.

Tsiku la ukwati, Esinati anatuluka m'nyumba atavala zoyera zimene bambo ake anasoka. Anaima pa galimoto ija, anagwira chitseko cha kumbuyo kanthawi, n'kunena motsitsa mawu, "Palibe kanthu, ababa." Anakakwera ya eni ake, yobwereka. Bamboyo anavina nawo, anaperekanso mwana wake bwinobwino, koma pa zithunzi zonse za tsikulo maso ake ali pansi.

Abale anga, ambirife timafuna kubwera kwa Mulungu titayamba tataya zimene zinawonongeka. Banja limene linagwedezeka, mkwiyo umene takhala tikuumanga ndi mawaya, tchimo limene sitifuna ngakhale kulitchula, timaziponya kutali n'kubwera manjamanja, tili mbee, tikupempha moyo watsopano. Kenako timatola chilichonse chooneka ngati chofanana, kuchikakamiza, n'kupsereza ndi zimene zinali zabwino zomwe.

Mulungu sachita nyansi ndi girizi, ndipo zigamba zathu saziseka. Chimene inu mukuti chafa, mwina kwa Iye ndi chongotsegula. Musachitaye chifukwa cha manyazi. Bwerani nacho mmene chililimo, chakuda chomwecho, muchiike m'manja mwake nthawi ikadalipo.