Mayi Wolira Maliro a Eni

Panali mayi wina, mkazi wa telala, amene ankalira maliro a eni. Mundimvetse bwino, amayi anzanga. Sindikunena kukhuza maliro monga tichitira tonsefe. Ndikunena kulira kwenikweni, mpaka mawu kusasa, kulirira munthu amene sanamuonepo chibadwire.

Mwamuna wake sankamwa, sankamenya, analibe chibwenzi. Anangozima basi. Makina osokera anachita dzimbiri pakhonde, nsalu za anthu zili mulu, iye ali chigonere, maso kukhoma. Ukamupatsa chakudya ankangolawa. Ukamuyankhula ankati watopa. Chaka chinatha, china n'kuyamba. Mayiyo ndiye ankabweza nsalu kwa eni ake uku akupepesa, ndiye ankasaka ndiwo, ndiye ankanamiza anthu kuti bambo akuvutika ndi msana. Akachoka pakhomo mtima unkakhala m'mwamba, chifukwa tsiku lina bamboyo ananena kuti bola kungofa.

Musaganize kuti anangokhala manja lende. Anaitana ankhoswe. Iwo anakhala pamkeka, nafunsa kuti walakwa ndani. Atamva kuti palibe walakwa, anati ndiye kuti palibe mlandu, banja ndi kupirira. Anamwa tiyi, napita. Anakaonana ndi mneneri wina, koma uyo anafuna chopereka asanatsekule n'komwe pakamwa. Anamva za aphungu a m'tauni, odziwa kumvetsera zosautsa za mumtima, nakwera minibasi. Atamuuza mtengo wa ola limodzi, anathokoza mwaulemu, nabwerera. Inali ndalama ya thumba la chimanga.

Nanga misozi akanakhetsera kuti? Kunyumba, bambo akamuona akulira ankati, "Waona, ndasanduka mtolo wako." Kutchalitchi anthu akanafunsa. Malo amodzi okha ndi amene mkazi amalira osafunsidwa, osalipira, ndiwo pamaliro. Tsono akangomva kuti kwagwa zovuta, kaya kuseri kwa msika, kaya kutsidya kwa msewu, ankamanga mpango, nakalowa m'nyumba ya siwa, nakhala pakona. Ankalira mpaka chifuwa kupepuka, napukuta nkhope, nathamangira kwawo. Zinkamugwira masiku awiri kapena atatu.

Tsiku lina analowa pamaliro a bambo wina wa dera loyandikana nalo. Maliro ake anali ozizira. Kwaya kunalibe, anthu ankayankhula monong'ona. Iye sanalabadire. Analira kuposa alongo a malemu, kuposa ndi mkazi wawo yemwe, amene anangokhala duu, maso ali gwa. Amayi anayamba kutsinana. Ndani ameneyu? Akuchimuna sakumudziwa, akuchikazi sakumudziwa. Inu mukudziwa mmene timaganizira ife. Anati ndi chibwenzi cha malemu, chabwera kudzadzionetsera. Ena anadzuka kuti amukokere kunja.

Namfedwa, mkazi wa malemu uja, anawaletsa. Anamugwira dzanja, nalowa naye kuchipinda, natseka chitseko. Anamufunsa, osakweza mawu, kuti panali chiyani pakati pa iye ndi malemuwo.

Apa mayi uja akanatha kupeka bodza lina, poti anali atazolowera. Koma mabodza anali atamulemera.

"Pepani mayi, amuna anu sindikuwadziwa," anatero. "Ndikulira anga. Ali moyo, koma chaka chino n'chachiwiri ali chigonere, ndipo ine ndilibe kolirira."

Namfedwa anamuuza kuti amuna ake nawonso anayamba choncho, ndipo iye ankauza anthu kuti ndi shuga. Koma sanafe ndi shuga. Anadzichotsera okha moyo. Anamuuzanso kuti kuchipatala cha boma cha kuderako, Lachinayi lililonse, kunkabwera namwino woona za matenda a maganizo, wosalipiritsa. Ankaona odwala, ankakhalanso pansi ndi owasamalira.

"Ine ndinkadziwa," anatero namfedwayo. "Kawiri konse ndinafika pageti. Koma benchi yodikirira ili poonekera, ndipo anthu amaitcha benchi ya amisala. Ndinachita manyazi. Lero onse amene ndinkawachitira manyazi ali panjapa, akudikira kudya."

Lachinayi litakwana, mayi uja anapempha mwamuna wake kuti apite limodzi. Anakana. Mayiyo sanakangane naye. Anagogoda kwa mnansi, namuuza zoona zake zonse, kuti si msana ayi, namupempha kuti akhale ndi bamboyo mpaka abwerere. Anapita yekha, nakhala pabenchi ija masanasana. Amayi a mumpingo wake ankadutsa ndi ana popita kusikelo, n'kumacheuka. Iye sanafunde chitenje kumaso. Nthawi yake itakwana analowa, ndipo kwa nthawi yoyamba munthu anamufunsa kuti, nanga inuyo muli bwanji.

Lachinayi lachiwiri anakhalanso yekha. Lachinayi lachitatu anakhalapo awiri, iye ndi mwamuna wake.

Sindikunamizani kuti bamboyo anachira mwezi womwewo. Ayi, matenda amenewa ndi a liuma. Masiku ena amadzuka n'kusesa pabwalo, masiku ena sadzuka. Mayiyo amatopabe. Koma satopa yekha, ndipo mwamuna wake ali moyo.

Amayi anzanga, ine ndakalamba, ndipo ndatopa nako kuperekeza kumanda anthu amene matenda awo tinawamva bokosi litagulidwa kale. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ngati m'nyumba mwanu muli wogona chotere, musadikire kuti mupeze ndalama za aphungu a m'tauni. Kafunseni kuchipatala chapafupi. Uzani mnzanu mmodzi zoona. Thandizo lina silifuna ndalama, limangofuna kuti mulole kuonedwa.

Ndipo kukuonani, anthu adzakuonani ndithu, adzanenanso. Zimenezo simungaziletse. Chanu n'kusankha kumene akuonereni: pabenchi, kapena pambali pa bokosi.