Mlenje Amene Sanaimbe Mluzu

Panali munthu wina, mlenje wa agwape ndi mbawala, amene anakakwatira kumudzi wa m'tsinde mwa phiri. Kumeneko anali mkamwini. Nyumba anamanga pa malo a akuchikazi, munda ankalima wa akuchikazi, ndipo ana amene anabereka, mwini wawo pa mwambo anali mlamu wake Lufeyo, mchimwene wa mkazi wake. Chinthu chokhacho chimene mlenjeyu akanachitchula kuti n'chakechake chinali kamfuti kamene anamusiyira bambo ake.

Kamfutiko kanali kofooka, tisanamizane. Chipolopolo chake chinali ngati njere ya nyemba, ndipo sichinkafika patali. Kuti aphe gwape, mlenjeyu ankakwawa ndi mimba, mphepo ikumuomba kumaso, mpaka aone khutu la nyamayo likugwedera ndi diso lake likuphethira. Kuwombera patali kunali kungotaya chipolopolo. Choncho sanawomberepo chinthu chimene sanachione bwinobwino. Sikuti anali wanzeru kuposa anzake ayi. Kamfutiko ndi kamene sikankamulola.

M'phirimo simunkayenda alenje okha. Amayi ankakatola nkhuni ndi kuzula bowa, ndipo amuna ena ankaotcha makala. Lufeyo anali mmodzi wa ootcha makalawo. Ndiye anthu a m'mudzimo anali ndi lamulo lawo: ukamva tchire likuphwanyika koma sukuona chimene chikuliphwanya, imba mluzu, udikire. Akakhala munthu, ayankha ndi mluzu. Ikakhala nyama, ithawa, ndipo iwe wataya ndiwo basi. Mlenje uja anataya ndiwo zambiri mwa njira imeneyi, koma sankadandaula.

Chaka china njati inasochera kuchokera kunkhalango ya kuseri kwa phiri. Mlenje anakumana nayo m'khwawa la nsungwi, mmawa wa nkhungu. Anamva tchire likuphwanyika, naimba mluzu monga mwa masiku onse. Nsungwi zinapatuka. Panatuluka chimutu chakuda, nyanga zopindika, mphuno zikufuka nthunzi. Anayang'ana kamfuti kake, nadziwa kuti kuwombera njati ndi kanthu kameneko n'kuiputa dala. Anakaponya pansi, nakwera mtengo wa mombo umene unali pafupi. Njati inazungulira mtengowo, kuugunda ndi mutu, kufukula dothi, mpaka dzuwa linapendeka. Zimene zinachitikira kabudula wake m'mwambamo sitizinena pano, pali amayi.

Njati ija sinaonekenso. Inabwerera kwawo, ndipo palibe anaipondanso mapazi m'phirimo. Koma mumtima mwa mlenje sinachoke. Chitsa chilichonse chopserera chinali njati. Mwala wakuda pakati pa udzu unali njati. Akamakwawa kulondola gwape, msana unkamuzizira, n'kutembenuka, gwape n'kuthawa. Anayamba kubwera kunyumba chimanjamanja, ndipo mkamwini wobwera chimanjamanja amamva ngati mudzi wonse ukumuyang'ana, ngakhale palibe walankhula kanthu.

Pa nthawi imeneyo panamveka kuti nkhalamba ina, imene kale inkalondera minda ya fodya, ikufuna kugulitsa mfuti yake. Mlenje anapita kukaiona. Inali yaitali, yolemera, chipolopolo chake chotalika ngati chala cha munthu wamkulu. Nkhalambayo inati mfuti imeneyi sisankha: imagwetsa gwape, imagwetsa nguluwe, ndipo njati imagwada nayo pomwepo. Inatinso imafika tsidya la dambo munthu uli chiimire, osadetsa mawondo. Mlenje anaiika paphewa, ndipo kwa nthawi yoyamba chikumanirane ndi njati ija, mtima wake unakhala pansi.

Anabwerera kunyumba nkhaniyo ikumutafuna. Mkazi wake, Nachisale, anamufunsa chimene kamfuti kakale kanalephera, poti ana onse anakula ndi nyama ya kamfuti komweko. Iye anayankha kuti sakukataya ayi, akungowonjezera. Kakang'ono kadzakhala ka agwape, yaikulu idzakhala ya china chilichonse chimene chingatulukire. Anati munthu wanzeru amakonzekera zonse. Za mantha ake sanatchule, chifukwa mwamuna wa mtundu umenewo amalola kufa kusiyana n'kuuza mkazi wake kuti amaopa chitsa.

Lufeyo atamva, anabwera madzulo ake akuseka, manja ali bii ndi makala. Anafunsa mlamu wake ngati akufuna kupha agwape kapena kugumula phiri, poti gwape ndi kanyama koti mwana amakanyamula ndi dzanja limodzi. Anaseka onse. Kenako Lufeyo anasiya kuseka.

"Alamu, ine ndimayenda momwemo, thumba lili kumsana, maso ali pansi. Kamfuti kanu sindinakaopepo. Chimene mukufunachi ndikuchiopa."

Mlenje anati iye si mwana, mfuti anayamba kugwira kalekale.

"Sindikukana," anatero Lufeyo. "Gulani ngati mtima wafuna. Mluzu wokha musaiwale."

Mawuwo anali abwino, koma anagwera pachilonda. Mlenje anaganiza kuti: malo ndi awo, munda ndi wawo, ana ndi awo, tsopano akufuna andilamulirenso mfuti? Mmawa mwake anakusa mbuzi zake kupita nazo kwa nkhalamba ija, nabwerera mfuti yaikulu ili paphewa.

Anati akungowonjezera, eti? Koma munthu akamapita kutchire sanyamula mfuti ziwiri. Tsiku lililonse ankaima pakhomo n'kudzifunsa kuti nanga lero njati ikatulukira? Ndipo tsiku lililonse kamfuti ka bambo ake kankatsala kuseri kwa chitseko, mpaka akangaude anamangapo.

Gwape woyamba anamuwombera ali tsidya lina la dambo. Atafika pamene anagwera, anapeza theka la nyama litaphwanyika, losadyeka. Chipolopolo chinali chitalowa uku n'kutulukira uko. Anachifunafuna m'mitengo ya kutsogolo kuti aone pamene chinakathera, koma sanachipeze. Anaima kanthawi akuyang'ana kumene chinalowera, kumene kunali kanjira ka amayi otola nkhuni. Kenako anadziuza kuti phiri ndi lalikulu, nanyamula nyama yake.

Kukwawa anasiya. Zipsera za m'mawondo zinapola. Khutu la gwape sanalionenso likugwedera, chifukwa tsopano ankawombera kalikonse kofiirira kamene kasuntha patali. Ndiwo zinabwerera pakhomo, ana ananenepa, ndipo anthu ankati mlamu wa Lufeyo anagula chinthu chenicheni. Ine ndikafika pamenepa ndimachita nthumanzi, chifukwa zonse zinkaoneka ngati zikuyenda bwino.

Kodi mantha aja anatha? Sanathe. Ankayendabe akucheuka, chitsa chopserera chinkamudumphitsabe. Chinasintha n'chimodzi: kale mantha ankamuthamangira kumiyendo, tsopano ankamuthamangira kuchala.

Nyengo yozizira itafika, mmawa wina nkhungu inaphimba phiri lonse. Lufeyo analawirira kukafukula makala ake amene anali atapsa. Anadzaza thumba lalikulu, pamwamba n'kuwonjezerapo ena omangirira ndi timitengo ndi udzu, monga amachitira ootcha makala kuti ulendo umodzi ukwane. Analibereka kumsana, nawerama, nayamba kutsika. Poti katunduyo anali wolemera, anadzera njira yachidule ya m'khwawa la nsungwi.

Mlenje naye anali m'khwawa lomwelo. Chichitikireni za njati ankalilambalala, koma tsiku limenelo anati alowemo, aone ngati pali chimene chingamuopsenso ali ndi mfuti yotere.

Anamva tchire likuphwanyika.

Anaima. Kumtunda kwake nsungwi zinkagwedezeka, ndipo m'nkhungumo munkatsika chinthu chachikulu, chakuda, chamsana wotumphuka, mutu uli pansi. Chinkapuma mwamphamvu, wefuwefu, chikuthyola nsungwi zouma. Inu mukudziwa chimene chinali. Iye sankadziwa. Fungo la njati ija analimva m'mphuno ngati kuti ilipodi.

Anasongola milomo kuti aimbe mluzu. M'kamwa munali gwa, mopanda malovu. Ndipo anakumbukira kuti pamalo omwewa anaimbapo mluzu, ndipo chimene chinayankha chinali chimutu chija. Anaganiza kuti akaimba, chinthucho chidziwa pamene waima, ndipo sapezanso mpata wachiwiri. Mtengo wa mombo uja unali pomwepo, nthambi yake yoyamba yoti akanaifikira ndi dzanja. Chaka chathacho akanakwera, akanakhala m'mwamba akunjenjemera, ndipo chinthucho chikanadutsa pansi pake n'kumupatsa moni. Koma tsopano m'manja mwake munali chinthu chotha kugwetsa njati.

Anakweza mfuti, nawomba.

Phiri lonse linabwezera mawu. Chinthu chakuda chija chinagwa, ndipo fumbi lakuda linakwera m'nkhungu. Mlenje anaima chilili, makutu akulira, akudikira kubuula kwa njati imene ikufa. Kunali zii. Mbalame zonse zinali zitathawa.

Kenako m'nsungwimo munamveka mluzu. Unali wofooka, wodukaduka, koma unali mluzu wa m'mudzi mwawo, uja amayankha nawo munthu kuti ndine munthu, usawombe.

Mfuti inamugwa m'manja. Anathamanga akugwa, nsungwi zikumucheka kumaso. Anapeza Lufeyo ali chafufumimba, makala ali mbwee ponseponse. Chipolopolo chinali chitaboola thumba lonse la makala, n'kulowa kumsana, n'kutulukira m'munsi mwa nthiti, n'kupitirira ulendo wake m'nsungwi. Cha kamfuti kakale chija chikanathera m'makalamo. Anadula zingwe za thumba, namutembenuza mlamu wake. Lufeyo anatsegula maso, namuzindikira.

"Ndinu, alamu?" anafunsa motsitsa. "Mluzu wanu sindinaumve. Kapena thumbali linanditseka makutu."

Mlenje anang'amba malaya ake namanga pabala, koma magazi ankadutsa ngati palibe chimene wamanga. Anamubereka kumsana nayamba kutsika. Mfuti anaisiya pomwe inagwera. Njira yonse ankamva mpweya wa mlamu wake ukumufunda pakhosi, ndipo ankamulankhula kuti alimbe mtima, atsala pang'ono, afika. Atatsika phiri n'kuyamba kudutsa dambo, pakhosi pake panayamba kuzizira. Anapitiriza kulankhula, koma anadziwa.

Kumudzi anali atamva kulira kwa mfuti. Ana a mlenje ataona bambo awo akubwera chapatali, atawerama ndi katundu wolemera chotero, anathamanga kukawachingamira akukuwa kuti ababa apha yaikulu lero. Nachisale anatuluka m'nyumba ali ndi mpeni ndi beseni. Anayenda pang'ono akumwetulira. Kenako anaona mapazi awiri akulendewera m'mbali mwa mwamuna wake, akuda bii ndi fumbi la makala. Mapazi amenewo anakula akuwaona. Beseni linagwa pansi.

Abale anga, musachoke pano mukuti mfuti yaikulu ndiyo inalakwa. Ilipo nyama yoifuna mfuti yotero, ndipo alipo anthu otha kuigwira. Koma mlenje uyu sanaigulire nyama. Anaigulira njati imene inali itapita kale, ndipo amene anailandira m'manja mwake anali mantha.

Nanunso muli nako kanthu kanu kakang'ono kamene kamakukakamizani kuyandikira, kufunsa ndi kudikira yankho. Mumakadandaula kuti n'kofooka. Tsiku lina wina adzakuonetsani chachikulu: udindo, mphamvu, mawu oti mukalankhula kamodzi munthu wagwa. Musanachitenge, dzifunseni moona chimene mukuchifunira. Ngati ndi ntchito imene ili patsogolo panu, tengani. Ngati ndi chinthu chimene chinakuopsani kale ndipo simunauze munthu, chisiyeni, chifukwa tsiku la nkhungu mudzawomba musanaimbe mluzu. Ndipo amene amayenda m'khwawa limodzi ndi inu si mlendo. Ndi wa m'nyumba mwanu.