Mashoko Ofiira a Dafuleni

Masiku okoma aja, galimoto zikamapikisana liwiro pabwalo lakale la ndege, lamulo linali pakamwa pa wapampando wa gulu la opikisana, Bambo Chikhwaza. Iwonso ankapikisana nawo.

Lachisanu lina anasuzumira kunsi kwa galimoto ya Dafuleni, mmodzi wa opikisanawo, naona mashoko atsopano ofiira kutsogolo, zitsulo zoletsa galimoto kudumphadumpha.

"Awa ngoletsedwa m'gulu lathu lino. Masula ndikatsekere mu ofesi, apo ayi mawa suthamanga!"

"Mwanena ndinu, bwana," anatero Dafuleni, chipewa chili m'manja.

Atafika kugalaja anatola mashoko akutha a minibasi, nawapaka penti wofiira, nakapereka ndi manja awiri. Ake enieni anangowadetsa ndi oilo wakuda.

Loweruka mbendera itangotsika, Dafuleni uyo, fumbi kobo! Koma galimoto ya wapampando inayamba kudumpha ngati chule, mutu wawo ukugunda denga, anthu akufa nalo phwete.

Anatuluka maso ali gwa. "Iwe, wandipatsa mashoko owola!"

"Ati, bwana?" anafunsa Dafuleni mwaulemu. "Oletsedwa aja, amene ali mu ofesi?"

Khamu lonse linagwada kusuzumira kunsi kwa galimoto ya wapampando. Kunali psuu, kufiira.