Khasu Limene Mphunzitsi Sanalione

Panali mphunzitsi wina pasukulu ya kumudzi amene ankaphunzitsa Sitandade 7. Ana anali makumi asanu ndi atatu, mabuku owerenga khumi ndi awiri okha. Kaphunzitsidwe kake kanali komwe kaja tonse tinakulira: iye awerenge mzere, ana abwereze. Ndipo ankabwereza mokoma, moti amayi opita kuchigayo ankaima pamsewu kumvetsera.

Koma chaka ndi chaka ana omwewo akafika pa mayeso a Sitandade 8, n'kupatsidwa nkhani yachilendo kuti awerenge okha, ankangoluma zolembera. Zimenezi zinkamusowetsa mtendere mphunzitsiyo. Tsiku lina anaona mtsikana wina wokhala kumbuyo, dzina lake Mwandida, akubwereza ndime yonse osaphonya, chonsecho buku lili chitsekere pamiyendo ya mnzake. Anamufunsa kuti ndimeyo ikunena chiyani. Mwandida anangozolika. Mphunzitsi anachita manyazi kwambiri, chifukwa anadziwa kuti wolakwa sanali mwanayo.

Anapita kwa ahedi kukapempha kuti ayese njira ina. Ahedi anati, “Ndakupatsani teremu imodzi. Likangokhala phokoso chabe, mubwerere ku zakale.”

Tsono anagawa anawo m'magulu khumi ndi awiri pansi pa mitengo, gulu lililonse buku limodzi. Anawauza kuti asankhe wowatsogolera, awerenge, apeze funso lawolawo, yankho alifufuzenso okha.

Maganizo anali abwino, koma vuto linali mwini wake. Munthuyu sankatha kukhala pansi. Ankangozungulira ngati nkhuku yofuna poikira, buku lake la mayankho lili m'khwapa. Akayandikira gulu, ana ankaimirira monga analeredwera, manja kumbuyo, zokambirana n'kuthera pomwepo. Iye akaona kuti kuli zii, pakamwa pankamuyabwa. Ankafunsa funso yekha, kudikira pang'ono, n'kuliyankhanso yekha. Anatu si opusa. Anazindikira msanga kuti yankho limayenda m'khwapa mwa aphunzitsi ndipo lifika ndithu, ndiye kuvutikiranji? Ankangoseweretsa timiyala kudikira kuti liwapeze.

Anatha masabata asanu ndi limodzi popanda chosintha. Ahedi anayamba kumaima pakhonde la ofesi, manja m'chiuno. Mphunzitsi uja mtima unali m'mwamba, ndipo m'malo modekha anawonjezera liwiro lozungulira.

M'mawa wina magulu ankawerenga nkhani ya bambo amene anachoka pamudzi mkazi wake atamwalira. Mwandida anachoka pagulu lake n'kudzagwada patsogolo pa mphunzitsi.

“Aphunzitsi, pagulu pathu tasemphana. Bamboyu pochoka watenga bulangete ndi mpeni. Nanga khasu walisiyiranji? Mlimi amasiya khasu?”

Mphunzitsi anatsegula buku lake la mayankho. Munali dzina la bamboyo, chiwerengero cha ana ake, ndi tsiku limene ananyamuka. Za khasu munalibe. Nkhaniyi anali ataiphunzitsa zaka khumi ndi chimodzi, koma funsoli linali lisanamubwerere n'kamodzi komwe. Mawu oti “anaiwala” anafika pamlomo. Akanangowatulutsa, ana onse makumi asanu ndi atatu akanawalemba m'makope osatsutsa. Kwathu kuno mphunzitsi savomera kugonja pamaso pa mwana, ndipo ahedi anali pakhonde paja akuyang'ana.

Anatseka bukulo.

“Sindikudziwa, mwanawe. Zoona, sindikudziwa. Mukapeza mudzandiuze.”

Atatero anakatsekera bukulo m'kabati, ananyamula mpando wake, n'kukakhala kutali, pafupi ndi mjigo. Kumeneko ndiye kunali mayeso ake. Miyendo inkafuna kudzuka yokha. Katatu konse anadzuka, katatu konse anakhalanso pansi, atagwiritsitsa mpando ndi manja awiri.

Mbiri inawanda m'magulu onse kuti pali funso lomwe lawakanika aphunzitsi. Phokoso linakula, koma silinali la masiku onse. Wina ankati bamboyo anaiwala, wina ankati anachoka atakwiya. Kenako anamva mawu a Mwandida akufunsa mnzake kuti, “Zalembedwa pati zimenezo? Tandionetsa.” Masamba anayamba kutembenuzidwa kubwerera m'mbuyo, zala zikuyenda pa mizere. Belu la phala litalira, magulu angapo sanadzuke n'komwe.

Patapita nthawi Mwandida anabwera ku mjigo kuja, gulu lake likumutsatira, chala chili pa tsamba loyamba. Anawerenga yekha, pang'onopang'ono, popanda womutsogolera: “Atafika pa chikamwini, apongozi ake anamubwereka khasu.”

Ndiye anakweza mutu. “Silinali lake, aphunzitsi. Wangobweza.”

Mphunzitsi analandira bukulo. Mzerewo unalipodi. Anali atauwerenga mokweza zaka khumi ndi chimodzi, ana mazanamazana anali ataubwereza pambuyo pake, koma panalibe amene anaumva, kuyambira iye mwini. Anasangalala, komanso chinamuwawa akaganizira ana aja anadutsa kale m'manja mwake. Atayang'ana kukhonde anapeza ahedi atalowa mu ofesi, ndipo za kubwerera ku zakale sizinatchulidwenso.

Tsono inu amene mukupita kukagwira choko, kugawa ana m'magulu n'kosavuta, ndi ntchito ya m'mawa umodzi. Koma mwana sangafufuze chinthu chimene akuchiona chili m'khwapa mwanu. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku limene mwana adzakufunseni chimene simukuchidziwa, musadzamunamize kuti muteteze ulemu wanu. Mudzavomere, mudzanyamule mpando, mudzakhale patali ngakhale miyendo ikuyabwa, mpaka iye adzakubweretsereni khasulo.